Mozimira moto, moterera ndege

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Amene anayamba kunena mawu amenewa anali atauonapo moto wa m'chilimwe, uja amayatsa osaka mbewa kapena wososa m'munda, kenako n'kupulumuka m'manja mwa mwini wake. Kuno ku chigwa cha Domasi moto wotere sitichita kuumva kwa anthu. Mu September ndi October, usiku, umaoneka utandanda m'mbali mwa phiri la Malosa, ndipo kukacha pamene wadutsa pamakhala pali bii, lupsa lokhalokha. Ukakumana ndi thanthwe umalizungulira n'kupitirira. Ukakumana ndi mphepo umakula. Anthu akaukwapula ndi nthambi zaziwisi umathetheka n'kudumphira patsogolo. Koma ukatsikira kudambo zinthu zimasintha. Dambo silimenyana nawo. Limaulola kuti ulowe, ulawe udzu wa m'mphepete, ndipo ukamapita mkati umapeza nthaka yonyowa, bango laliwisi, madzi obisala pansi pa mizu. Ukali wake wonse umathera potenthetsa madziwo. Utsi umayera, malawi amafupika, ndipo pakapita kanthawi palibenso choti munthu azimitse.

Mwambi umenewu uli ndi malo ena amene umakwanako bwino, ngakhale eni ake sanawaganizire: kunsi kwa mimba ya ndege.

Ndege timaziona zili kumwamba. Ikamadutsa pamwamba pa chigwa chino kulowera ku bwalo la ndege la Airwing, ana amasiya masewera n'kumailoza, ndipo pofika madzulo wina amakhala atapinda kale mawaya kupanga yakeyake, ya pulopela ya chitini. Maso a tonsefe amakhala pa mapiko ndi pa injini. Miyendo sitiiwerengera. Komatu walira mvula walira matope. Amene wapempha kukwera wapemphanso kutsika, ndipo ulendo uliwonse wa pandege, kaya wa mphindi 5 kaya wa maola 10, umathera pogunda nthaka. Chimene chimalandira kugundako ndi chitsulo chija chili pakati pa tayala ndi thupi la ndege. Amisiri amachitcha shock strut, ndipo ndi pachibale ndi ma shock a galimoto ndi a njinga yamoto.

Zopanga ndege pakhomo si zachilendo m'dziko muno. Mu 2016 atolankhani anafika pa mudzi wa Gobede, kumpoto kwa Lilongwe, kumene bambo wina wowotcherera zitsulo ankalumikiza helikopita ya munthu mmodzi kuchokera ku zitsulo zotola ndi injini ya njinga yamoto ya 125cc. Anthu ankasonkhana pakhomo pake kudzaona, ndipo iye ankadziwa kuti sangaiulutse akuluakulu oona za ndege asanaiyendere. Mtima womwewo ndi umene unamutuma William Kamkwamba ku Wimbe, m'boma la Kasungu, kuti mu 2002 aimike makina amphepo opanga magetsi atangowaona m'buku la ku laibulale. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula ku Kasungu malo oyeserapo ma drone, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe kupanga ndi kuulutsa tindege topanda munthu. Ana ofuna kuuluka tili nawo, ndipo akuchuluka.

Ngakhale kumene ndege inabadwira, inabadwira m'manja mwa anthu ngati amenewa. Wilbur ndi Orville Wright anali okonza ndi kugulitsa njinga ku Dayton. Pa 17 December 1903, pamchenga wa pafupi ndi Kitty Hawk, ndege yawo inauluka koyamba kwa masekondi 12, mtunda wa mamita 37. Inalibe matayala oterera, inkangotsetsereka pa timitengo. Ulendo wachinayi wa tsiku lomwelo unatenga masekondi 59, n'kuthera pa kugunda mchenga mwamphamvu mpaka mbali ya kutsogolo inathyoka. Tsiku limene anthu anaphunzira kuuluka ndi injini ndi lomwenso anaona kuti kutera ndi phunziro lapalokha. Pofika 1929, Bernard Pietenpol wa ku Minnesota anali ndi ndege yamatabwa yoyendera injini ya galimoto ya Ford Model A, imene anthu akuipangabe pakhomo mpaka lero. Mu 1953 Paul Poberezny ndi anzake anayambitsa bungwe la Experimental Aircraft Association ku Milwaukee kuti opanga ndege pakhomo azithandizana, aziyenderana ndi kuonerana ntchito.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti kandege, pamodzi ndi woyendetsa ndi mafuta, kakulemera makilogalamu 400, ndiye kuti matumba 8 a chimanga. Woyendetsa akatera bwino, matayala amangoikhudza nthaka. Koma wopanga ndege sakonzekera tsiku labwino. Malamulo amene ku America anayesera nawo ndege zing'onozing'ono kwa zaka zambiri ankafuna kuti miyendo ipirire ndege ikamatsika pa liwiro la pakati pa mamita 2 ndi 3 pa sekondi. Mamita 3 pa sekondi ndi liwiro limene chinthu chimafika nalo pansi chikagwa kuchokera pafupifupi theka la mita. Zikumveka zochepa. Nkhani yagona pa kutalika kwa mpata umene kugwako kuimitsidwire. Mwendo ukangolola masentimita 2, kenako gwa, mphamvu yokwera m'thupi la ndege imaposa kulemera kwake maulendo 20, pafupifupi matani 9. Mwendo womwewo ukalola kufupika ndi masentimita 20, mphamvuyo imatsika kufika pafupifupi tani imodzi. Ndege ndi yomweyo, kugwa ndi komweko. Chasintha n'chakuti nkhonya ija yapatsidwa mpata ndi nthawi yoti ithere.

Apa ndi pamene mmisiri wa zitsulo amanyengedwa ndi luso lake lomwe. Dzanja lozolowera mageti, mafelemu a mawindo ndi ngolo limadziwa chinthu chimodzi: chikaoneka chofooka, onjezera chitsulo. Pa geti nzeru imeneyo ndi yolondola. Pa ndege, chitsulo chilichonse chowonjezera ndi katundu amene mapiko anyamule ndipo mwendo womwewo uimitse. Choopsa kwambiri n'chakuti mwendo wouma sutha nkhonya, umangoipatsira. Imachoka pa tayala, kukwera m'paipi, kufunafuna pofooka. Ikapanda kupeza powotcherera pamene moto sunalowe bwino, ipeza pogwirira phiko. Ikapanda kupeza pamenepo, ipeza msana wa munthu wokhala pampando.

Njira yoyamba imene anthu anapeza inali yopereka mwendo umene umagonja. Piper J-3 Cub, ndege imene inaphunzitsa anthu ambirimbiri kuuluka kuyambira 1938, miyendo yake imagwiridwa ndi zingwe zamphira, tiulusi tambirimbiri ta labala tokutidwa ndi nsalu yoluka. Steve Wittman, katswiri wa mipikisano ya ndege, anapanga mwendo wa chitsulo chimodzi chophwatalala chimene chimatambasuka ndege ikagunda pansi, ndipo kampani ya Cessna inatenga nzeruyo n'kuiika pa ndege zake zambiri. Opanga ndege pakhomo ena amaika sipuling'i yokhota mkati mwa mapaipi awiri olowetsana. Miyendo yotere ndimailemekeza. Ndi yopepuka, siichucha, ndipo munthu angathe kuisamala popanda zida zodula. Pa kandege kopepuka kotera paudzu, nthawi zambiri ndi yokwanira.

Koma sipuling'i ili ndi khalidwe limodzi limene silisintha: zimene yalandira imabweza. Imasunga nkhonya kwa kamphindi, kenako n'kuiponya kumene yachokera. Paja amati nkhonya yobwezera imawawa. Ndege yotera mwamphamvu pa miyendo ya sipuling'i imanjanjanso m'mwamba, ndipo nthawi imeneyo liwiro latha, mapiko alibenso mphamvu yoigwira. Ikagwa kachiwiri imagwa moipa kuposa poyamba. Chimene chimathandiza ndi kukhulana kwa tiulusi ta mphira tija, kukwekwesa kwa matayala pansi miyendo ikamatambasuka, ndi dzanja la woyendetsa wodziwa kuwonjezera moto n'kuzungulira kuti ayesenso. Ndinenepo pano, poti chubu chakutha sichisowa pamsika uliwonse: mphira zodula ku chubu, zija timamangira katundu pa kaliyala, si zoikiza moyo wa munthu. Dzuwa ndi oyilo zimazidya mwakachetechete. Zingwe zenizeni za ndege zimakhala ndi ulusi wa mitundu wosonyeza nthawi imene zinapangidwa, chifukwa nazonso zimakalamba ndipo zimasinthidwa zisanaduke.

Mwendo umene umafanana kwambiri ndi dambo ndi wa oyilo ndi mpweya, wotchedwa oleo, umene kampani ya Vickers ku Britain inalembetsa mu 1915. Ndi mapaipi awiri, yaing'ono yosalala ngati pisitoni imene imalowa mu yaikulu. Mkati muli oyilo, pamwamba pake pali mpweya wopanikizidwa, ndipo pakati pali chotchinga chokhala ndi kabowo kakang'ono. Tayala likagunda pansi, pisitoni imakwera n'kukankha oyilo, koma oyiloyo alibe njira ina koma kabowo kaja. Amadutsa, inde, koma mothinana, ndipo nkhonya ikakula kukana kwake kumakulanso. Pothinana pamenepo mphamvu ya kugwa imasanduka kutentha, n'kumwazikira m'oyilo ndi m'chitsulo. Mpweya wa pamwamba uja ndiye sipuling'i, umene umanyamula ndege ikaima ndi kubwezera mwendo pa utali wake. Pobwereranso oyilo ayenera kudutsa mothinana, choncho mwendo umadzuka pang'onopang'ono, osaiponya ndege m'mwamba. Miyendo ina imakhala ndi kachitsulo kosongoka kolowa m'kabowoko, kamene kamasintha kukula kwa mpata malinga ndi pamene pisitoni yafika.

Akabaza a njinga zamoto amene amatsika ndi anthu kuchoka pa msewu wa tala wa Zomba ndi Liwonde kulowera m'midzi ya kunsi, cha ku nyanja ya Chilwa, nzeru imeneyi ali nayo pansi pa chiwongolero. M'mafoloko a kutsogolo muli sipuling'i ndi oyilo. Ma seal akatha, oyilo amayamba kutsikira pa foloko, fumbi n'kumamatirapo. Sipuling'i imakhala ikadali yamphamvu, koma njinga imayamba kudumphadumpha pa tizitunda ta msewu wafumbi, tayala silikhazikika pansi, mabuleki sagwira bwino. Wakabaza aliyense wodziwa ntchito amamva m'mikono mwake tsiku limene oyilo watha.

Kulumikiza mwendo wotere ndi ntchito ya munthu wodekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano maso a nkhonowo ndi tinthu tating'ono toti munthu wothamanga sangatione. Choyamba ndi ukhondo. Tebulo liyalidwe nsalu yoyera, zitsulo zitsukidwe n'kuumitsidwa, chifukwa kambewu kamodzi ka mchenga kakatsalira mkati kadzakanda pisitoni ulendo uliwonse, ndipo pokandikapo ndi pomwe oyilo adzatulukire. Mmisiri amayendetsa chikhadabo pa pisitoni yonse. Chikhadabo chikakodwa penapake, ndiye kuti labala adzakodwanso pomwepo. M'mphepete mwa bowo lililonse lobooledwa mumatsala timinga ta chitsulo, ndipo timeneti tichotsedwe ndi tupa yosalala.

Kenako timphete ta labala, ma seal aja. Tisanalowe tinyowetsedwe ndi oyilo yemweyo amene adzakhale mkati. Podutsa pa mazinga a chitsulo, mazingawo akutidwe ndi tepi kuti asacheke labala. Kamphete kakalowa kopotoka, ngakhale pang'ono, kadzagwira lero n'kudzachucha mwezi wamawa, choncho mmisiri amakayang'ana mozungulira konse asanapitirire. Kunsi kwenikweni kumakhala kamphete kena kopala fumbi ndi matope pisitoni ikamalowa. Ku bwalo la ndege lafumbi kamphete kameneka kali ndi ntchito yaikulu zedi. Oyilo nayenso sasankhidwa mwachisawawa. Ndege zing'onozing'ono zambiri zimagwiritsa ntchito oyilo wofiira wodziwika ndi nambala ya 5606, ndipo labala wa ma seal ake anapangidwira oyilo ameneyo. Kuthiramo brake fluid wa galimoto, poti nayenso ali m'botolo ndipo ali pafupi, ndi kuononga labala yense.

Oyilo amathiridwa mwendo utafupikitsidwa, kenako mwendowo umakokedwa ndi kukankhidwa pang'onopang'ono mpaka thovu litatha, chifukwa mpweya wobisala m'oyilo umadutsa pa kabowo kaja mosavuta ndipo mwendo umataya mphamvu yake yoletsa. Pomaliza ndi pamene amapopera mpweya, ndipo woyenera ndi nayitrojeni, chifukwa ndi wouma, sabweretsa dzimbiri mkati, ndiponso sathandiza moto kuyaka. Muyeso wake umaoneka ndi maso. Pa ndege ya Piper Cherokee, mwachitsanzo, ndege itaima, pisitoni ya mwendo waukulu iyenera kuoneka pafupifupi masentimita 11, ya kutsogolo pafupifupi masentimita 8. Yoonekera pang'ono idzagunda kumapeto potera. Yopopedwa kwambiri idzauma ngati chitsulo wamba.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikupempha aliyense wogwira ntchito yotere kuti asaziiwale, chifukwa zimapha. Pa malo owotcherera ndi gasi pamakhala silinda ya okosijeni, ndipo munthu wosowa nayitrojeni angaganize kuti mpweya ndi mpweya basi. Okosijeni wopanikizidwa akakumana ndi oyilo amaphulika. Chachiwiri, mwendo wopopedwa usamasulidwe mpweya wonse usanatulutsidwe, chifukwa pisitoni imatha kufwamphuka ndi mphamvu yothyola chibwano kapena chifuwa cha woimirira patsogolo pake.

Zotsala ndi mabawuti. Pali timikono tiwiri tolumikizana ngati sizasi, timene timalola pisitoni kukwera ndi kutsika koma osazungulira, kuti tayala liziyang'ana kutsogolo nthawi zonse. Bawuti ya pamalo oyenda ngati amenewa simangidwa mpaka gwa. Imafika pongokwanira, kenako nati yake yokhala ndi mipata imatsekedwa ndi kapini kopinda, kuti kunjenjemera kwa injini kusaimasule. Mabawuti a ndege ali ndi zizindikiro pamutu zosonyeza mtundu wa chitsulo chake. Bawuti ya m'sitolo ya hadiweya ingafanane nayo kukula, koma palibe amene angakuuzeni mphamvu yake.

Ndipo zonse zikatha, mwendo umayesedwa wopanda munthu. Opanga ndege amaunyamulitsa katundu wolingana ndi gawo la kulemera kwa ndege limene mwendowo umanyamula, n'kuukweza m'mwamba, n'kuusiya kuti ugwe. Malamulo aja ankatchula msinkhu wa pakati pa masentimita 23 ndi 47, malinga ndi kulemera kwa ndege ndi kukula kwa mapiko ake. Amapaka gilisi kapena kumanga kachingwe pa pisitoni kuti aone pamene yafika. Amaona ngati yagunda kumapeto, ngati katundu wanjanja, ngati powotcherera pang'aluka. Kuyesa kumeneku sikufuna bwalo la ndege. Kumafuna mtengo wolimba wopachikapo, tcheni, sikelo ndi matumba a mchenga.

Tsopano tibwerere kwa akuluakulu eni mwambi. Amene anakhalapo pa bwalo la mfumu, pamlandu wa malire a dimba m'mbali mwa mtsinje wa Domasi, anaona kabowo kaja kakugwira ntchito. Anthu awiri amafika mitima ili m'mwamba, aliyense ndi abale ake kumbuyo, mawu onse akufuna kutulukira pamodzi. Mkulu wodziwa ntchito yake sawatseka pakamwa. Amati, "Takhalani pansi, bambo. Mayi, inunso khalani. Ayambe awa, inu mumve, nthawi yanu ikubwera." Mkwiyo wonse udzatuluka, koma udutsa pa mpata wa munthu mmodzi. Wina akamaliza, mkuluyo amabwereza zimene wamva, mofatsa, atachotsamo zitonzo. Dzuwa likapendeka amati, "Nkhaniyi tiigonere." Mawa lake anthu aja amabwera ndi mlandu womwewo, koma wozizira moti n'kugwirika ndi manja. Ankhoswe a ukwati ndi eni mbumba amagwira ntchito yomweyo m'nyumba, kopanda owaonerera.

Alipo akuluakulu ena amene ali ngati chitsulo chouma. Mwana akabwera ndi dandaulo samugonjera ngakhale pang'ono, ndipo mkwiyowo umadutsa n'kukathyola china: ukwati, ubale, nthawi zina mwanayo. Alipo ena a sipuling'i, amene mawu aliwonse owawa amawabweza ndi chiwongoladzanja, ndipo mlandu wa nkhuku umafika pa zikwanje. Koma mtundu umene umandidetsa nkhawa kwambiri ndi wachitatu, chifukwa umaoneka ngati wabwino. Ndi mkulu amene amangomeza, osadzukanso. Mwendo wa ndege umene wafupika n'kukhala pomwepo ndi wakufa, ndipo nkhonya yotsatira idzafika pa chitsulo. Mayi akabwera kwa ankhoswe ndi diso lotupa, kachitatu, kachinayi, n'kumangouzidwa kuti banja ndi kupirira, pamenepo palibe moto umene wazima. Waphimbidwa chabe, ndipo ukunyeka pa munthu mmodzi. Mkulu weniweni amalandira ukali, kenako amaimirira n'kunena kuti, "Apa mwalakwa ndinu, ndipo izi zithere pano." Zikakhala za kupolisi amanena kuti ndi za kupolisi.

Tisaiwalenso kuti nkhonya siisowa, imasanduka kutentha, ndipo amene amatentha ndi oyilo. Gogo amene wakhala tsiku lonse akumva zitonzo za ana a mlongo wake amapita kunyumba ndi kutentha kumeneko m'chifuwa. Timamufunsa kangati ngati wadya? M'dziko muno timamva kawirikawiri za okalamba omenyedwa, othamangitsidwa m'mudzi, ena kuphedwa kumene, chifukwa chowaganizira ufiti. Ochita zimenezi nthawi zina ndi adzukulu a anthu omwewo. Izi ndi zoipa, ndipo palibe mwambo umene ungaziyeretse.

Dambo lenilenilo nalonso limauma. Mtsinje wa Domasi umatsika pakati pa mapiri a Zomba ndi Malosa n'kukathera ku nyanja ya Chilwa, nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulutsa madzi, yozunguliridwa ndi madambo aakulu amene mu 1996 analowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagonanso pa matope ong'aluka. Dambo louma silizimitsa moto, limaudyetsa, chifukwa udzu ndi bango zimene zinali chitetezo zimasanduka nkhuni. Mitengo ya m'phiri ikathera ku makala, mvula imene inkatsika pang'onopang'ono kwa miyezi imatsika tsiku limodzi. Anthu a maboma a kum'mwera kuno anaona mu March 2023, pa namondwe wa Freddy, chimene madzi amachita akasowa chowachedwetsa.

Komabe mwambi uwu uli ndi mbali imene tiyenera kuchenjera nayo. Si moto uliwonse woyenera kuzimitsidwa. Mnyamata kapena mtsikana akayamba kujambula mapiko kuseri kwa kope, n'kumasunga ndalama za ganyu kuti agule injini yakale, m'mudzi simusowa mkulu womuuza kuti wapenga, kuti ndege ndi za azungu, kuti akalime. Kamkwamba anamutcha wamisala asanaone babu likuyaka. Mkulu wotere amaganiza kuti akuteteza mwana, koma akuthira madzi pa moto wophikira. Mwendo wa ndege sunapangidwe kuti uletse ndege kunyamuka. Ntchito yake ndi yoti wonyamukayo abwerere wamoyo, akonze zimene zalakwika, mawa adzayesenso. Ukulu umene achinyamata otere akuufuna ndi womwewo: munthu woti ayang'ane powotcherera pawo n'kunena zoona, wowauza kuti bawuti iyi ayi, wowaletsa kukwera lero popanda kuwaletsa kulota. Nawo oona za ndege m'boma akulondola pokana kuti chinthu chosayesedwa chinyamule munthu. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ndipo ndege yogwa sigwera mwini wake yekha. Koma kukana kokha ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi kutumiza injiniya kukaona, kulemba mndandanda wa zoti zikonzedwe, ndi kusonyeza khomo lolowera ku maphunziro.

Chigwa cha Domasi chili ndi mwayi umene madera ambiri alibe. Mishoni ya Church of Scotland inakhazikika kuno mu 1884. Sukulu ya Jeanes inayamba kuphunzitsa aphunzitsi kuno mu 1929, ndipo pambuyo pake inkaphunzitsanso mafumu. Lero Domasi College of Education imasula aphunzitsi a sekondale, ndipo Malawi Institute of Education, kumene kumakonzedwa masilabasi ndi mabuku a sukulu zathu, ili pompano. University of Malawi ili ku Zomba, amisiri a ndege ali ku Airwing, amakanika ali pa Songani. Zonse zimene ndafotokozazi, liwiro la chinthu chakugwa, mphamvu yosanduka kutentha, mpweya wopanikizidwa, zili kale m'maphunziro a Physics, koma ana ambiri amaziloweza osazigwirapo. Shock yakutha ya njinga yamoto makanika angaipereke ulere kapena pa mtengo wochepa. Mphunzitsi atabwera ndi ziwiri m'kalasi, ina ya oyilo ina yopanda, ana n'kuzikankha ndi manja awo, angamve kusiyana kumene choko sichingajambule. Ndikupempha aphunzitsi amene akusulidwa pa Domasi kuti achite zimenezi, ndipo tsiku limenelo aitane makanikayo kuti adzaimasule yekha pamaso pa ana.

Kwa iwe mng'ono wanga, kapena mlongo wanga, amene wayamba kale kusonkhanitsa mapaipi kuseri kwa nyumba: ndalama zoyamba usagulire injini. Yamba ndi mwendo umodzi. Yeza kulemera kwa ndege imene ukuiganizira, dzaza m'matumba mchenga wolingana ndi gawo limene mwendowo udzanyamule, ndipo uugwetse mwendowo kuchokera pa masentimita 20, kenako 30, kenako 45, ukulemba m'kope zimene waona ulendo uliwonse. Ukathyoka, fufuza pamene wathyokera ndi chifukwa chake. Ukapirira, tenga kopelo upite nalo kwa mmisiri wa ndege wovomerezeka ndi kwa oona za ndege m'boma, ndipo pampando pasakhale munthu mpaka iwo atavomera.